Pomwe mapu athu ankathera

Pa khoma la ofesi yomwe ndinayambira ntchito panali mapu aakulu, otambalala kuposa munthu atatambasula manja. Anali mapu a dera lonse la khonsolo yathu, ndipo ntchito yanga yoyamba, poti ndinali wamng'ono pa onse m'chipindamo, inali yowapaka mitundu. Malo okhala anthu ndinkapaka chikasu, a mafakitale ndinkapaka chofiirira, madambo ndi nkhalango ndinkapaka chobiriwira. Kuzungulira zonsezi kunali mzere wofiira, wonenepa, wosonyeza malire. Kuseri kwa mzerewo kunalibe kanthu, pepala loyera mbee. Mtsinje umene unkadutsa pakati pa dera lathu unkangotulukira pa mzere wofiirawo ngati kuti kasupe wake anali pomwepo, ndipo msewu waukulu ukafika pa mlatho wa m'malire unkaduka ngati chingwe chodulidwa ndi mpeni.

Ndinatha zaka ziwiri ndikuyang'ana mapu amenewo m'mawa ndi madzulo osaona chachilendo. Amene ananditsegula m'maso ndi madzi.

Mvula inagwa usiku umodzi wokha, ndipo sinali mvula yoposa zomwe anthu anaziona kale. Kutacha tinapita ndi abwana anga kukaona nyumba zakumunsi kwa mlatho uja. Mayi wina wachikulire anatilowetsa m'nyumba mwake osanena zambiri, nkutilozera khoma. Matope anali atalemba mzere wawo, wowongoka bwino, wolekeza m'chiuno mwanga. Matiresi anali panja atayanikidwa pa mpanda, makope a adzukulu ake atatupa ngati masiponji, masamba atamatana. Anatiuza kuti anakhala pamenepo zaka zoposa makumi awiri ndipo madzi anali asanapondepo pakhomo pake. Kenako anandiyang'ana ine, kaya chifukwa ndine ndinanyamula cholembera, nkufunsa kuti, "Mwanangu, inu a khonsolo, mtsinjewu mwautani?"

Ife sitinautani kanthu. Koma masana omwewo abwana anati tiwoloke mlatho titsate mtsinje kumtunda wapansi. Tinayenda mwina ola limodzi m'dera lomwe pa mapu anga linali pepala loyera. Kumeneko kunali dambo lalikulu lomwe anthu akale ankalidziwa, koma tinapeza mapuloti ndondondo, nyumba zatsopano za malata owala, mabwalo othira simenti, ngalande zowongoka zolunjika kumtsinje. Panalibe wakuba malo kapena womanga mozemba. Aliyense anali ndi mapepala ake, osainidwa ndi kudindidwa ndi khonsolo yoyandikana nayo. Anzathuwo anachita zimene pulani yawo inalola, ndipo pa mapu awo, monga ndinadzaonera pambuyo pake, nyumba ya mayi uja inali pa pepala loyera.

Dambo limagwira madzi nkumawataya pang'onopang'ono kwa masiku ambiri. Denga la malata ndi simenti sizisunga ngakhale dontho. Mvula yomwe kale inkatenga masiku kuti itsike tsopano inkafika pa mlatho yonse pakamodzi, mu ola limodzi kapena awiri, ndipo makalavati omwe anaikidwa kalekale sakanatha kuimeza. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Saonanso zikwangwani zonena kuti apa pathera khonsolo yakuti, apa payamba inzake.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona kuti si madzi okha amene sawerenga malire. Munthu amagona m'khonsolo ina, kugwira ntchito mu ina, mwana wake nkumaphunzira mu yachitatu. Lendi ikakwera mumzinda, anthu amasefukira kwa oyandikana nawo, komwe mwina misewu ndi mipope sinakonzekere. Mtaya wa zinyalala khonsolo iliyonse imafuna kuuika kumapeto kwenikweni kwa dera lake, kutali ndi ovota ake, ndipo kumapeto kwa dera langa ndi pakhomo pa wina. Sitolo yaikulu imamangidwa mbali iyi ya mzere, msonkho nkumalowa kuno, pamene magalimoto onse opita kumeneko akukumba misewu ya mbali inayo. Malire ambiri anajambulidwa kalekale, midzi ikadali yotalikirana. Midziyo inakula nkugundana, koma mizere inatsala pomwe inali.

Nditayamba kuwerenga za momwe ena analimbanirana ndi vutoli, nkhani yoyamba kundigwira mtima inali ya mtsinje wa Emscher ku Germany, chifukwa nayonso inayamba ndi madzi. Ndi kamtsinje ka makilomita pafupifupi 80 kodutsa m'chigawo cha migodi ya malasha cha Ruhr, komwe mizinda ngati Dortmund, Bochum, Essen ndi Gelsenkirchen inakula mothamanga m'zaka za m'ma 1800. Migodi inkagumula nthaka, nthaka nkutitimira, madzi nkulephera kuyenda. Zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale zinkangoima m'zithaphwi, matenda nkumafalikira. Mzinda uliwonse unkayesa kukonza kagawo kake, koma kukonza kwake kunali kungokankhira uve kwa wakumunsi. M'chaka cha 1899 mizinda, eni migodi ndi eni mafakitale anakhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira mtsinje wonse, la Emschergenossenschaft, ndipo mu 1904 lamulo linalipatsa mano: aliyense wokhudzidwa anayenera kukhala membala, afune asafune, ndi kusonkha ndalama molingana ndi zimene akuwononga komanso phindu limene akupeza.

Njira imene anatenga panthawiyo sinali yokongola. Poti nthaka inali ikutitimirabe, mapaipi apansi akanathyoka, choncho mtsinje womwewo anausandutsa ngalande ya simenti yonyamula zonyansa poyera. Migodi yambiri itatsekedwa, bungwe lomwelo linayamba mu 1992 kukumba mapaipi akuluakulu apansi, ndipo pofika kumapeto kwa 2021 zonyansa zinaleka kulowa mu Emscher. Ntchito ya zaka 30 ngati imeneyi palibe khonsolo imodzi ikanaisenza. M'chigawo chomwecho, mu 1920, munabadwanso bungwe la Siedlungsverband Ruhrkohlenbezirk, potsatira maganizo a Robert Schmidt wa ku Essen, kuti misewu yolumikiza mizinda ndi malo obiriwira apakati pa mizindayo zikonzedwe ndi diso loona chigawo chonse. Chimene ndimatengapo n'chakuti anthu amenewa sanangogwirizana kuti azikumana. Anagwirizana za amene alipire, ndipo khomo lotulukira analitseka.

Ku England zinayenda mwina, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa kumeneko anayesa poyera chinthu chimene ambirife timakhulupirira mumtima, choti anthu akulu akakhala pansi nkukambirana adzamvana okha.

Chisanafike chaka cha 2010, chigawo chilichonse cha England chinali ndi pulani yaikulu imene inkagawira makhonsolo chiwerengero cha nyumba zoti zimangidwe. Anthu ambiri ankadana nayo. Ankati manambala akuchokera kumwamba, kwa anthu omwe sanawasankhe ndipo sangawachotse, ndipo dandaulo limeneli linali ndi choonadi chake. Boma latsopano litalowa mu 2010, nduna yoona za maboma aang'ono, Eric Pickles, inalengeza kuti mapulani a zigawo atha. M'malo mwake lamulo la Localism Act la 2011 linabweretsa chimene amachitcha duty to cooperate, kutanthauza udindo wogwirira ntchito limodzi. Khonsolo iliyonse pokonza pulani yake inayenera kuonetsa kuti yakambirana ndi oyandikana nayo mwakhama komanso mosalekeza pa nkhani zodutsa malire. Koma boma lenilenilo linafotokoza kuti udindowu si wokakamiza kugwirizana. Kukambirana kunali lamulo, kumvana kunali kufuna kwako.

Taonani mzinda wa Birmingham. Pulani yake imene inavomerezedwa mu 2017 inapeza kuti pakufunika nyumba pafupifupi 89,000, koma m'kati mwa malire a mzindawo munali malo a nyumba 51,100 zokha. Zotsala 37,900 zinayenera kupeza malo kwa oyandikana nawo. Mawu amene akatswiri kumeneko amagwiritsa ntchito ndi unmet need, chosowa chomwe mwini wake walephera kuchikwaniritsa. Kuseri kwa mawu ozizirawo kuli mabanja enieni, ana akuluakulu ogonabe kwa makolo, anamwino oyenda maola awiri kupita kuntchito. Koma khansala wa khonsolo yoyandikana, amene akupemphedwa kupereka minda ya kwawo kuti pamangidwe nyumba za anthu a ku Birmingham, akudziwa kuti omuvotera ndi amene ali kale ndi nyumba moyang'anana ndi mindayo.

Chilango cha lamuloli chinali choopsa, koma chinkagwera malo olakwika. Pulani ikapita kwa woiunika wa boma, iye akapeza kuti khonsolo sinakambirane mokwanira, panalibe kukonza. Ntchito ya zaka zambiri inkagwa yonse, kuyambiranso pachiyambi. Zinaichitikira khonsolo ya St Albans kawiri, mu 2016 ndi mu 2020. Zinaichitikiranso khonsolo ya Sevenoaks, komwe malo 93 pa 100 aliwonse ndi Green Belt, malo otetezedwa kuti mizinda isamangotambalala. Woiunika anapeza kuti khonsoloyo inapempha anzake mwalamulo kuti aithandize nyumba zotsala patangotsala masabata ochepa kuti ipereke pulani yake mu 2019. Inapita kukhoti, nkukagonja mu 2020. Onani apa: wolangidwa ndi amene sanapemphe bwino. Wokana, bola wakana mwaulemu ndipo kalata yake ili m'faelo, sankakhudzidwa. Zotsatira zake makhonsolo anaphunzira kusunga makalata ndi mamineti a misonkhano, osati kugawana nyumba.

Nkhani ya dera la Oxfordshire, ku England komweko, imandipweteka kwambiri chifukwa kumeneko anafika pafupi. Mzinda wa Oxford ndi wopanikizika, malire ake ndi othina ndipo wazunguliridwa ndi Green Belt. Mu 2016 makhonsolo a m'deralo anagawana nyumba pafupifupi 15,000 zimene Oxford sikanatha kumanga, khonsolo ya Cherwell yokha nkutenga 4,400. Mu 2017 boma linalonjeza mapaundi 215 miliyoni kuti athandizire misewu ndi nyumba, ndipo makhonsolo asanu anayamba kulemba pulani imodzi yofika chaka cha 2050. Kenako kunabwera chisankho. Mu 2019 ku South Oxfordshire kunalowa makhansala atsopano omwe anapambana polonjeza kuunikanso chiwerengero cha nyumba, ndipo atafuna kubweza pulani ya khonsolo yawo, nduna Robert Jenrick inawaletsa nkuwalamula kuti aivomereze, zomwe anachita mu December 2020. Mu August 2022 makhonsolo asanu aja analengeza kuti pulani yawo ya 2050 yatha, alephera kumvana pa kawerengedwe ka nyumba zofunika m'tsogolo. Palibe amene anaswa lamulo. Aliyense anachita zimene omusankha anamutuma.

Ine ndinaziona zimenezi ndi maso, m'kachipinda kakang'ono, patapita miyezi ingapo chigwere mvula ija. Abwana anga anavutika mpaka makhonsolo awiri anavomera kukumana. Ine ndi mnzanga wa ofesi ya tsidya linalo tinapatsidwa ntchito yolumikiza mapu. Tinadula mbali zoyera ndi lumo, nkumata mapepala awiriwo ndi selotepi patebulo. Sindidzaiwala zimene tinaona. Mitundu sinkagwirizana n'komwe, chikasu chathu kwa iwo chinali malo a masitolo. Msewu umene ife tinaukonzera zaka zikubwerazo unkathera m'bwalo la sukulu imene iwo anaikonzera. Malo athu a mafakitale anali khoma ndi khoma ndi malo awo okhala anthu, ndipo mphepo nthawi zambiri inkawomba kuchokera kwathu kupita kwawo. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti nafenso tinali ndi mayi wathu kwinakwake amene tinkakonzekera kumuvutitsa osamuona. Mtsinje wokha ndi umene unalumikizana bwinobwino pamalo omatawo.

Msonkhano unayamba bwino. Anthu anapatsana moni, anavomerezana kuti mtsinje ndi wa tonse, wina anatchulanso zoti mnzako akapsa ndevu m'zimire. Zinthu zinasintha pamene abwana anga anaika chala pa kagawo ka dambo komwe kanali kasanamangidwe, nkupempha kuti mapuloti a pamenepo aimitsidwe. M'chipinda munati zii. Kenako khansala wina wa tsidya lija, bambo wofatsa, wa imvi, anayankhula mosakweza mawu. Anati, "Bwana, ndakumvani, ndipo mayi amene mukumunenayo ndikumumvera chisoni. Koma mapuloti amenewo ndiwo atimangire chipatala chaching'ono chomwe ndinalonjeza. Mukandiuza kuti ndiwasiye, mundipatsa chiyani choti ndikawauze anthu anga? Amene anasefukiridwawo savotera ine."

Panthawiyo ndinakwiya. Lero ndimaona kuti bambo uja ndiye ananena zoona zenizeni kuposa tonse m'chipindamo. Sanali woipa mtima. Tinkamupempha kuti ataye ndalama zenizeni, zooneka, chaka chomwecho, kuti apulumutse anthu omwe sangamuthokoze pa chisankho, ndipo m'manja mwathu munalibe chilichonse chomubwezera. Mgwirizano uliwonse wa makhonsolo umafika pa mphindi imeneyi. Malinga nkhani ili pa masomphenya ndi mawu okoma, onse amagwedeza mitu. Ikafika pa funso loti nyumba zikhale kwa yani, mtaya ukhale kwa yani, fakitale yobweretsa msonkho ikhale kwa yani, wina ayenera kuluza. Ngati palibe njira yomubwezera woluzayo, kapena mphamvu yogamula onse atalephera kumvana, ubale wabwino wa akuluakulu a makhonsolo sungapirire chisankho chimodzi.

Funso la bambo uja, loti mundipatsa chiyani, ena analiyankha. Ku Minnesota, m'dziko la America, mizinda ya Minneapolis ndi Saint Paul yazunguliridwa ndi matauni ambirimbiri odziyimira paokha. Onse ankalimbirana masitolo ndi mafakitale chifukwa cha msonkho, ndipo tauni imene yasunga dambo kapena paki inkangoonerera inzake ikulemera. Mu 1971 nyumba ya malamulo ya Minnesota inakhazikitsa lamulo lodziwika kuti Fiscal Disparities, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1975 milandu yotsutsa itatha. Mfundo yake ndi yosavuta kumva. Pa chuma chatsopano cha malo a malonda ndi mafakitale chimene msonkho umawerengedwerapo, magawo 40 pa 100 aliwonse amalowa m'thumba limodzi la dera lonse la maboma asanu ndi awiri, nkugawidwanso poyang'ana chiwerengero cha anthu ndi kuchepa kwa chuma cha tauni iliyonse. Fakitale ikamangidwa kwa mnzako, nawenso umalawako. Mpikisano sunathe, chifukwa magawo 60 amatsalabe kwa mwini dera, koma ululu wotaya unachepa. Khansala wa kumeneko akasiya dambo kukhala dambo ali ndi choti akauze anthu ake. France nayo, yomwe ili ndi makhonsolo aang'onoang'ono pafupifupi 35,000, inayenda njira yofananako: lamulo la 1999 linalimbikitsa makhonsolo oyandikana kupanga mabungwe ogawana msonkho wa mabizinesi, ndipo la 2000 linabweretsa pulani ya dera lonse yotchedwa SCoT, imene mapulani a khonsolo iliyonse sayenera kutsutsana nayo. Ndalama zinatsogola, mapu nkutsatira.

Mbali inayo ndi ya wogamula. Apa mpomwe ndimamvetsa mantha a makhonsolo aang'ono, ndipo sindiwapeputsa. Mawu oti mgwirizano nthawi zambiri amatuluka m'kamwa mwa mzinda waukulu pamene ukufuna pokataya zinyalala zake kapena pokatunga madzi. Wamng'ono amaitanidwa ku tebulo zinthu zitaphikidwa kale. Ndipo bungwe lalikulu lokhala kutali, lodzaza akatswiri omwe palibe anawasankha, likhoza kujambula mzere pa munda wa munthu osadziwa kuti pamenepo pali manda a makolo ake. Zimene anthu a ku England ankadana nazo chisanafike 2010 zinali zomwezi. Koma yankho la vuto la wogamula wosasankhidwa si kuchotsa wogamula. Ku Portland, m'chigawo cha Oregon ku America, bungwe la Metro limayang'anira mzere womwe mzinda suyenera kupitirira pokula, womwe unajambulidwa mu 1979 potsatira lamulo la 1973 la nthawi ya bwanamkubwa Tom McCall. Limakhudza mizinda 24 m'maboma atatu, ndipo atsogoleri ake amasankhidwa ndi anthu mwachindunji. Ku Stuttgart, ku Germany, kuyambira 1994, makhonsolo 179 ali pansi pa bungwe limodzi la chigawo lomwe nyumba yake ya oimira anthu imachita kuvoteredwa. Mikangano kumeneko ilipo yambiri, ya mitengo ya nyumba, ya komwe mzere usunthire. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi wakumunsi kwa mlatho ali ndi voti pa munthu amene akugamula za dambo lakumtunda.

Mfundo imeneyi ndi imene inandisowetsa tulo kwa nthawi yaitali. Timanena kuti khonsolo ndi boma loyandikira anthu, ndipo n'zoona. Koma pa nkhani za malo, anthu amene chigamulo chimawakhudza kwambiri kawirikawiri sakhala m'kaundula wa ovota wa khonsolo yogamulayo. Ali kumunsi kwa mtsinje. Ali mumzinda woyandikana, akufunafuna nyumba yoti angakwanitse. Ena sanabadwe n'komwe, chifukwa msewu kapena dambo lokwiriridwa limakhala zaka zoposa moyo wa amene anasaina. Khonsolo ikamagamula yokha m'kati mwa mzere wake, imamva mawu a okhawo amene ali kale m'katimo.

Dera la Greater Manchester, ku England, limaonetsa mbali zonse ziwiri. Makhonsolo khumi anayamba kulemba pulani imodzi, chikalata choyamba nkutuluka mu 2016. Phindu lake linali loti mizinda yapakati, Manchester ndi Salford, yomwe ili ndi malo ambiri akale a mafakitale, ikanasenza nyumba zochuluka, makhonsolo akunja nkupepukidwa. Komabe malo ena a Green Belt anayenera kuperekedwa, ndipo mu December 2020 makhansala a ku Stockport anavota kukana. Poti pulaniyo inkafuna kuti onse khumi avomere, inagwa. Asanu ndi anayi otsalawo, Bolton, Bury, Manchester, Oldham, Rochdale, Salford, Tameside, Trafford ndi Wigan, sanabalalike. Anaitola, naitcha Places for Everyone, ndipo inavomerezedwa mu March 2024, patatha zaka zoposa zisanu ndi ziwiri chitulukire chikalata choyamba. Stockport inatsala ndi chiwerengero chake chonse cha nyumba choti ichipezere malo yokha. Ndimalemekeza asanu ndi anayiwo, koma ndimawerenganso zaka zimene zinatayika, chifukwa mwana amene anayamba sukulu ya pulayimale pulaniyo ikuyamba anali akumaliza pamene inkavomerezedwa. Mapeto ake England yabwerera komwe inachoka: lamulo la 2023 linakonza zothetsa duty to cooperate, ndipo mu 2025 boma linapititsa ku nyumba ya malamulo bilu yofuna kuti madera onse akhale ndi mapulani aakulu odutsa malire a makhonsolo.

Sindikunena kuti makhonsolo aphatikizidwe onse akhale chimphona chimodzi. Zambiri zimene khonsolo imachita, monga kuona kutalika kwa mpanda, malo a msika waung'ono, mtundu wa nyumba mumsewu wakutiwakuti, n'zoyenera kutsala pafupi ndi eni ake. Nkhani zofunika kukwera pamwamba ndi zochepa, ndipo zimadziwika ndi chizindikiro chimodzi, choti zotsatira zake zimawoloka mzere: mitsinje ndi madambo, chiwerengero cha nyumba ndi komwe zigawidwe, misewu ikuluikulu ndi njanji, malo a mafakitale aakulu, mitaya, magwero a madzi akumwa. Pa zimenezi ndimafuna pulani imodzi yomanga onse, thumba logawana phindu ndi zotayika, ndi munthu woti akalakwitsa anthu a mbali zonse za mlatho angathe kumuchotsa. Ndipo ngakhale zonsezi zisanafike, pali kanthu kakang'ono komwe ofesi iliyonse ingachite mawa lomwe: kusiya kusindikiza mapu oyera kuseri kwa malire. Wojambula aone nyumba za anzake pamene akusankha poika mtaya.

Msonkhano wathu uja sunapite pachabe kotheratu. Makhonsolo awiriwo anagwirizana kukulitsa makalavati a pa mlatho ndi kugawana mtengo wake pakati, chifukwa pamenepo aliyense anali ndi chooneka choti akaloze. Za dambo analemba kuti zikambidwa pa msonkhano wotsatira. Chisankho chinabwera, makhansala ambiri anasintha, abwana anga anapuma pa ntchito, ndipo mapu omata ndi selotepi aja ndinawapinda nkuwaika m'kabati.

Chaka chatha ndinadutsanso kumeneko. Makalavati atsopano alipo, aakulu, ndipo madzi tsopano amadutsa pa mlatho mosavuta nkuthamangira kumunsi, komwe kuli khonsolo yachitatu imene sitinaiitane n'komwe ku msonkhano uja. Mayi uja ndinamupeza akadalipo. Anakweza khonde lake ndi mizere itatu ya njerwa, ndipo pakhoma la m'kati, ngakhale anapakapo laimu kawiri, mzere wa matope ukuonekabe. Nditawoloka kupita kumtunda ndinapeza lole itaima m'mphepete mwa kagawo kotsala ka dambo, ikukhuthula dothi lofiira ndi zibuma pa bango. Woyendetsa anandionetsa chilolezo chake, chosainidwa bwino, chidindo chili pamalo pake.